Zojambula za Patenti Sizowonjezera Mukazipereka

Anthu ambiri amaganiza kuti popempha patenti, yomwe ndi chikalata cha boma, yoteteza kaonekedwe ka chinthu kuti ena asakopere, angathe kupereka zojambula zapatalipatali kuti asunge tsiku lopereka pempho, n'kudzazimaliza bwino pambuyo pake. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amawonongetsa ndalama. Mwina amachokera ku pempho losungira tsiku lotchedwa provisional, koma limenelo siligwira ntchito pa zakaonekedwe.

Ku United States, ofesi ya boma yoona za mapatenti, yotchedwa USPTO, imaona zojambulazo ngati mtima wa pempho lonse. Zimene mwajambula ndi mizere yathunthu ndizo mukuteteza. Za mizere yodukaduka simukuziteteza. Kukonza kumaloledwa ndithu, monga kuwalitsa mzere wosaoneka bwino, koma lamulo limaletsa kuwonjezera chilichonse chimene sichinkaoneka tsiku loyamba. Mukaiwala kusonyeza maluwa amene ali kunsi kwa botolo, simungadzawajambule mawa. Muyenera kupereka pempho lina, ndipo mbali yatsopanoyo imatenga tsiku latsopano. Apa m'pamene pamapweteka, chifukwa wina angakhale atakupitirirani kale.

Nthawinso ndi yochepa. Malinga ndi Pangano la Paris, lomwe ndi mgwirizano wa mayiko pa nkhani ngati za mapatenti, muli ndi miyezi 6 yokha, osati 12 ngati pa patenti yoteteza mmene chinthu chimagwirira ntchito, yoti mukapemphe kumayiko ena n'kusungabe tsiku loyamba lija.