Mwana woimba ABC mpaka Z sanayambe kuwerenga

Teremu iliyonse ikamayamba, sipalephera kholo londikokera pambali pakhomo la kalasi langa la Sitandade 1. "Aphunzitsi, anawa akungoimba ndi kumvera za Kalulu. Kuphunzira ayamba liti?" Ena amawonjeza kuti mwana wa aneba, wa kusukulu yolipira, akutchula kale ABC mpaka Z. Funso limeneli ndaliyankha mpaka kukhosi kuuma.

Mwana wotchula ABC mpaka Z waloweza nyimbo, basi. Mulembereni "m" yekhayekha pansi ndi kamtengo, mumufunse kuti n'chiyani, muona akukanda m'mutu. Nanga ABC-yo si nyimbonso? Cholakwika n'choti amaiimba maso ali kudenga, chala chisakuloza lembo lililonse.

Chichewa chathu n'chokomera woimba. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye mawu amaduka okha mukamaomba m'manja. Nkhu-ku, kawiri. Chi-ma-nga, katatu. Bi-ri-ma-nkhwe, kanayi, ndipo apa ana amafa nacho chiseko. Khutu likazolowera kumva zidutswa zimenezi, tsiku lomwe ndilembe "nkhu" pabolodi mwana sadabwa, chifukwa wakhala akumuomba m'manja kwa sabata zitatu. Ndondomeko ya boma ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016, nayonso imafuna kuti mwana aphunzire kumva ndi kusiyanitsa maliwu. Sindinazipeke ine.

Nthano ntchito yake ndi ina. Kalasi la ana opitirira 100, mabuku osakwanira, koma ndikangoti "Padangotero!" onse amayankha "Tili tonse!" n'kukhala chete. Ndimakamba mpaka Kalulu wafika pachitsime chomwe anakana kukumba nawo, Fulu wabisala atadzipaka ulimbo pamsana. Pomwepo ndimasiya. Ndimalemba "fulu" pabolodi n'kunena kuti tipitiriza wina akandiwerengera mawuwa. Manja amakwera ngati mapesi. Ngakhale uja amagona m'kalasi amafuna kudziwa kuti Kalulu athera kuti.

Koma chomwe chandilembetsa ndi mnyamata wina amene mpaka lero amandisowetsa tulo.

Anali ndi zaka 9, akubwereza Sitandade 1 kachitatu. Wofatsa, wokhala kumbuyo, wosavuta munthu. Kwawo ankati ndi wouma mutu. Tsiku lina tikuimba nyimbo yovomerezana, ndinaona kuti akuomba m'manja mochedwa pang'ono, maso ali pa manja a mnzake. Pa "Tili tonse" iye ankayamba anzake atamaliza. Ndinazungulira kumbuyo kwake n'kumutchula dzina kawiri. Sanacheuke. Nditawerama pafupi ndinamva fungo, ndipo pakolala ya yunifolomu panali mafinya ouma.

Mayi ake nditawaitana anati makutuwo anayamba kutuluka mafinya mwanayo asanayambe sukulu. Ankamuthira madzi a masamba. Atalephera mayeso kawiri anapita naye kwa sing'anga, yemwe anati achibale anamutseka nzeru, n'kumutema mphini pachipumi. Mbuzi inapita. Pomwe ankafika kuchipatala, madokotala anapeza kuti kachikopa ka m'kati mwa khutu kanabooka kalekale, mbali zonse ziwiri. Mafinya anauma ndi mankhwala, koma zaka zitatu za maliwu omwe sanawamve bwino palibe anamubwezera.

Chondipweteka n'chakuti chaka chake choyamba anali m'kalasi langa lomweli. Chaka chimenecho ndinkathamangira kumaliza ntchito ya m'buku, kuimba ndinachepetsa, ana ankangobwereza pamodzi zomwe ndanena. M'chigulugulu chotero mwana wosamva amangogwedeza milomo n'kupulumuka. Pa lipoti lake ndinalemba ndi dzanja langali kuti "alimbikire".

Ndiye makolo, lekani kunena kuti "adzatseguka mutu akakula". Mwana yemwe wafika kumapeto kwa Sitandade 2 asakutha kuwerenga "ana", "mayi", "galu" pali chomwe chikumuvuta, ndipo kudikira sikuchotsa. Madzulo ano mukambireni nthano, muyambitse nyimbo yoti avomereze. Akamachedwa kuvomera, akamatembenuza khutu limodzi, akamayang'anitsitsa pakamwa panu, kapena ngati anadwalapo malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, mawa lomwe pitani naye kuchipatala chapafupi, mukapemphe kuti amuone makutu. Akakutumizani patsogolo musazengereze. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre amayeza kamvedwe, kuchipatala cha African Bible College (ABC) ku Lilongwe nakonso amayeza. Khutu lotuluka mafinya musalithire mafuta ophikira, madzi a masamba kapena china chilichonse chomwe a chipatala sanakupatseni.

Ogulitsa "mankhwala a nzeru" m'misika, odzoza mapensulo, ndi aja a part time olonjeza kuti mwana aziwerenga pakatha mwezi umodzi, onsewa amadyera pa mantha anu. A chikwapu ndiwo amandikwiyitsa kwambiri. Mwana womenyedwa amaloweza tsamba lonse kuti apulumuke, amakulakatulirani bwinobwino inu n'kusangalala, koma mukaphimba chithunzi ndi dzanja n'kuloza mawu amodzi pakati, zii. Kuchotsa mantha a buku mwa mwana wotere kumanditengera teremu yathunthu, pomwe ndalama zanu zinapita kale.

Mnyamata uja anadzatha kuwerenga pang'ono nditamukhazika kutsogolo, pafupi ndi pakamwa panga. Koma anali atakula kuposa anzake, ankamuseka, ndipo anasiyira Sitandade 4. Masiku ano ndimakumana naye pamsika akunyamulira anthu katundu. Amandipatsa moni mwaulemu, ndipo ndikamayankha amayang'anabe milomo yanga.