Ophunzira udokotala m'zipatala za m'maboma: mafunso ndi mayankho

Kodi ndondomekoyi ndi yotani?

Wophunzira udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yunivesite yomwe idapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, samalizira maphunziro ake onse m'zipatala zikuluzikulu za Gulupu ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Amatumizidwanso kwa masabata angapo kukaphunzira m'zipatala za m'maboma. Ku Mangochi yunivesiteyi ili ndi nthambi yake yochitira zimenezi.

Bwanji osangokhala ku Gulupu komwe kuli akatswiri ndi zipangizo?

Chifukwa odwala ambiri sali m'tauni. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Wodwala wofika ku Gulupu nthawi zambiri amakhala ataonedwa kale kwina, kalata ili m'manja. Kuchipatala cha m'boma amathanso kufika asanaonedwe ndi wina aliyense: mwana wokomoka ndi malungo, mnyamata wa kunyanja wokodza magazi chifukwa cha likodzo, mayi woyembekezera amene wabwera pa kabaza matenda atayamba dzulo. Pamenepo wophunzira amazolowera kufunsa bwino, kuyeza ndi manja, ndi kuzindikira msanga amene ayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu. Luso limeneli silipezeka m'buku, ndipo ine ndimaliona ngati phindu lalikulu la ndondomeko yonseyi.

Amawayang'anira ndani?

Madokotala a pachipatalapo ndi aphunzitsi awo. Koma wophunzira wanzeru amadzichepetsanso kwa ma clinical officer, anamwino, azamba ndi alangizi a zaumoyo. Ndiwo asenza zipatala zathu zaka zonsezi, ndipo amadziwa ngakhale mudzi umene msewu wake umaduka dzinja likafika.

Ine wodwala, ndingakane kuonedwa ndi wophunzira?

Inde, ndipo thandizo lanu silichotsedwa chifukwa mwakana. Wophunzira ayenera kudzitchula kuti ndi wophunzira, kupempha chilolezo asanakugwireni, ndi kusunga chinsinsi chanu. Kuvala chovala choyera sikumupatsa mphamvu yolemba mankhwala payekha. Ku Mangochi, komwe ambiri amayankhula Chiyao, musaope kupempha womasulira.

Akamaliza adzabwereradi kudzagwira ntchito kumudzi?

Ena inde, ena ayi. Masabata ochepa amachotsa mantha, koma dokotala amakhazikika pamalo pomwe pali nyumba yabwino, madzi, magetsi, sukulu ya ana ake ndi mankhwala oti apatse odwala. Zimenezo zili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo ndi makhonsolo.