Facebook ndi bwalo la mwini, si nkhokwe yanu

Sabata siitha ndisanamve mlakatuli kapena wokonza zochitika akunena kuti, "Musadandaule, zonse zili pa Facebook." Ntchito yanga ndi yosunga mawu ndi makanema, ndipo mawu amenewa ndatopa nawo. Tsamba la mchezo ndi bwalo la mwini. Imbanipo ng'oma, anthu abweradi, koma tsiku lomwe mwiniwake wafuna kulimapo chimanga sakufunsani.

Ndikunena makamaka za zolemba zobadwira pa kompyuta: ndakatulo zomwe mawu ake amayenda pa sikirini, nthano zomwe wowerenga amadina mawu n'kudzisankhira njira, moti anthu awiri sawerenga zofanana. Papepala zimafa. Zimapuma pokhapokha makina ayaka ndipo wina akudina.

Anzathu a ku America anaziona msanga zimenezi. Mu 2013 akatswiri awiri, Dene Grigar ndi Stuart Moulthrop, anayamba ntchito yosunga zolemba zoterezi yotchedwa Pathfinders, ndipo njira yawo amaitcha traversal: mlembi amakhala pa kompyuta yakale ya m'nthawi yomwe analemba, n'kumawerenga mokweza uku akudina, kamera ikujambula sikirini ndi manja ake. Shelley Jackson anatero ndi Patchwork Girl yake ya 1995. Pambuyo pake, ku Washington State University Vancouver anayamba kuulutsa zochitikazi pa YouTube nthawi yomweyo, oonera akulemba mafunso. Apa ndiye pamene masamba a mchezo amathandizadi: amaitana anthu akutali, ndipo zomwe anthuwo alemba zimakhala mbali ya chochitikacho.

Koma taonani msampha. Ambiri okonza zochitika ankasonkhanitsa ndemanga za pa Twitter n'kuziyala pa tsamba lotchedwa Storify, poganiza kuti asunga. Storify inatsekedwa mu May 2018. Mu 2019 MySpace, tsamba lakale la mchezo, inavomera kuti inataya nyimbo zomwe anthu anaikapo chaka cha 2016 chisanafike, posamutsa makina. Adobe inasiya Flash pa 31 December 2020, pomwe ndakatulo zambiri za pa intaneti zinapangidwa ndi pulogalamu imeneyo. Ndipo kuyambira mu February 2025, makanema atsopano a Facebook Live amasungidwa masiku 30 okha kenako n'kufufutidwa. Masiku 30! Munthu ungadwale malungo, n'kupita kumaliro kumudzi, pobwera n'kupeza mulibe.

Pali mtsikana wina amene mpaka lero sandichoka m'mutu. Nthawi ya Covid-19 mu 2020, anthu asakusonkhana, iye anakonza ndakatulo yomwe mawu ake ankaoneka pakhoma kudzera pa pulojekita, ndipo mizere inkasintha malinga ndi zomwe oonera ankalemba. Msuweni wake ankaulutsa ndi foni, osajambula kwina kulikonse. Patapita miyezi akaunti ya mtsikanayo, pomwe panali kanemayo, inabedwa. M'malo mobwera kudzafunsa, anapita kwa mkulu wina wodzitcha katswiri wobweza maakaunti, amene anamuuza kuti atumize ndalama, pasiwedi ya imelo ndi kakodi kobwera pa foni. Imelo nayo inapita. Kwa ine anafika patadutsa zaka ziwiri, laputopu yomwe munali kapulogalamuko atagulitsa kale kuti alipire lendi. Ndinamufunsa ngati pali wina anakopera kanemayo. Anaimbira anthu asanu ndi mmodzi ndili pomwepo. Aliyense ankati, "Si ili pa peji yako?"

Tsono mverani. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi m'bale wake "wamkati" mwa kampani, kapena wopempha pasiwedi ndi kodi, ndi kathyali. Kanema yemwe kampani yafufuta m'makina ake sangabwezedwe ndi munthu wokhala pabenchi ya mafoni mumsika. Chimodzimodzi ogulitsa ma like ndi otsatira: mudzaona manambala akukwera, koma tsiku la chochitika wolemba ndemanga palibe, ndipo ntchito yodalira mawu a oonera imangoima njii.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Jambulani ndi kamera kapena foni yachiwiri yomwe sikuulutsa, iloze sikirini ndi manja a wodinayo, osati nkhope yokha. Koperani usiku womwewo, musanagone, m'malo atatu, amodzi akhale kunja kwa nyumba yanu. Kutumizirana pa WhatsApp si kusunga, chifukwa imafinya kanema mpaka mawu a pakhoma osawerengeka. Internet Archive, nkhokwe ya pa intaneti yomwe ilipo kuchokera 1996, imalandira mafayilo kwaulere. Bando ya tsiku limodzi musaiwerengere. Sungani pulogalamu yeniyeniyo, ndipo lembani dzina lake, mtundu wa kompyuta, tsiku ndi malo. Ndemanga za oonera zijambuleni pa sikirini zisanasokonekere, koma apempheni eni ake musanazifalitse kwina.

Mtsikana uja tinapeza chithunzi chimodzi chokha m'foni ya azakhali ake. Chikuonetsa khoma, mthunzi wa mutu wake, ndi theka la mzere womwe iye mwini sakumbuka mmene unathera.