Nsembe ya mabishopu awiri ili ndi mwini wake?

Amalawi amene amasewera chess ku Joubert Park, m'kati mwa tauni ya Johannesburg, akhala akukangana masiku ano. Mnyamata wina anagonjetsa mdala wina popereka mabishopu ake onse awiri kuti adyedwe. Achikulire akuti pamenepo palibe luso, wangoloweza za pa YouTube. Achinyamata akuti kuphunzira kwa akatswiri si kuba. Mkanganowu ndi wakale, unavutitsapo akuluakulu a masewerawa mu 1914.

Nkhani inayambira ku Amsterdam mu 1889. Emanuel Lasker anali ndi zaka 20, asanakhale katswiri wa dziko lonse, ndipo ankasewera ndi Johann Bauer. Posuntha kachi 15, bishopu wa Lasker anadya pawn (kachida kakang'ono kwambiri pa chess) ya pa h7 (dzina la bokosi la pabolodi), mfumu ya Bauer n'kumudya. Kwini wa Lasker analowa pa h5 ndi cheki (kuopseza mfumu), mfumu inabwerera pa g8, bishopu wachiwiri nayenso n'kudziponya pa g7. Mfumu itadya ameneyonso inatsala pambalambanda. Rook (chida chooneka ngati nsanja) ya Lasker inakwera pa f3 kulunjika pa h3, ndipo Bauer anachita kupereka kwini wake kuti mfumu ipulumuke. Ambiri amalekera pamenepa pofotokoza, koma nkhani inagona kutsogolo. Bauer anali adakali ndi zida zokwanira kulimbana, kungoti Lasker anaika kwini pa d7, n'kuopseza mabishopu awiri a Bauer nthawi imodzi. Popanda kuona zimenezo kuchokera kutali, nsembe ija ikanakhala kungotaya chuma.

Olemba mbiri ena amakumbutsa kuti John Owen anayesapo zofananazo kwa Amos Burn mu 1884 koma anagonja. Ngati zili choncho, ndiye kuti ngakhale Lasker sanali woyamba, anali woyamba kuzichita bwino.

Patapita zaka 25, pa mpikisano wa ku St Petersburg mu 1914, Siegbert Tarrasch anachita zomwezo kwa Aron Nimzowitsch. Tarrasch anali ndi zakuda, ndiye mabishopu ake anagwera pa h2 ndi pa g2, kenako anathamangitsa mfumu yoyera mpaka inakafera mbali ya zakuda. Koma mphoto yoyamba ya masewero okongola inapita kwa José Raúl Capablanca chifukwa cha mmene anagonjetsera Ossip Bernstein, Tarrasch n'kupatsidwa yachiwiri. Mabuku ambiri amati oweruza anaona kuti njirayo inali itaoneka kale kwa Lasker. Zimamveka, ngakhale kuti masewero a Capablanca nawonso anali okoma ndithu, moti mwina zifukwa zinali ziwiri. Chimene chinamuwawa kwambiri Tarrasch n'chosavuta kuchiganizira: Lasker ndi amene anamugonjetsa mu 1908 polimbirana ukatswiri wa dziko lonse, ndiponso ndi amene anapambana mpikisano wa ku St Petersburg womwewo.

Kwa ine Tarrasch anamuchepetsa. Kudziwa njirayi n'kosavuta, chovuta n'kuwerengera ngati rook ifike msanga, ngati mfumu ilibe kothawira, ndiponso ngati mdani angakane kudya bishopu wachiwiri. Zimenezi palibe angakuwerengere. Mu 2003 ku Hoogeveen, Judit Polgár anayamba nsembe yomweyi kwa Anatoly Karpov, amene anakhala katswiri wa dziko lonse kuyambira 1975 mpaka 1985. Karpov ankaidziwa bwino lomwe njirayo, komabe anagweramo, ndipo anavomera kugonja bishopu wachiwiri asanaperekedwe n'komwe.