Chilonda chikatupa, botolo la m'basi si mankhwala

Ndatopa kumva mawu amodzimodzi m'chipinda chotsukira mabala: "Adokotala, ndimamwa kaye ochotsa poizoni m'thupi." Poizoni wake uti? Ogulitsa mabotolo pa Lizulu ndi m'mabasi anatola mawu oti "ma free radical", ndiye akuopseza nawo anthu ngati ufiti.

Zinthuzi ife timati reactive oxygen species, ndipo thupi limazipanga dala. Khasu likakutemani, asilikali a m'magazi otchedwa neutrophil amakhamukira pabalapo. Amatenga okosijeni amene mwapuma n'kumusandutsa hydrogen peroxide, kenako asidi wofanana ndi amene amapha tizilombo mu Jik. Mabakiteriya amafa nazo zimenezo. Mafinya mumanyansidwa nawo aja, mbali yaikulu ndi asilikali ofera pankhondoyo. Pali ana obadwa ndi asilikali osatha kupanga mankhwalawa, ndipo zithupsa ndi chibayo siziwachoka.

Zimaipa nkhondoyo ikakana kutha. Moto wolusa susiyanitsa tchire ndi munda: mankhwala omwe aja amayamba kudya mnofu wabwino ndi timitsempha ta magazi, makamaka mwa munthu wa shuga.

Bambo wina wolima mbatatesi ku Tsangano sachoka m'mutu mwanga. Anadzitema chala cha kuphazi, kabala kosaposa chikhadabo. Shuga anali naye, osadziwa. Milungu itatu ankamwa botolo lolembedwa "antioxidant" (mankhwala amene amati amathetsa ma free radical aja), ndalama ya matumba awiri inathera momwemo. Amafika kwa ife ataberekedwa panjinga, phazi litada bii, fungo lili patsogolo. Mkazi wawo anandifunsa chapansipansi, "Achimwene, mwendowu utsala?" Sunatsale. Akanabwera sabata yoyamba, bwenzi titatsuka bala, kuyeza shuga ndi kupereka mankhwala opha mabakiteriya.

Ngakhale mapilitsi enieni a antioxidant si oseweretsa. Kafukufuku wa ku Finland wa 1994, pa amuna osuta fodya oposa 29,000, anapeza kuti omwa mapilitsi a beta-carotene, mtundu wina wa antioxidant, ndiwo anadwala kwambiri khansa ya m'mapapo. Idyani mpiru, tomato ndi mapichesi a kwathu konkuno, zimakwana.

Ndipo chonde, musathire Jik kapena kubwereza hydrogen peroxide pachilonda, mukupha mnofu womwe ukumera. Tsukani ndi madzi owiritsa atazizira. Kufiira kukamakwera mwendo, mwanabere akatuluka, thupi likatentha, bwerani tsiku lomwelo, ngakhale ndi tsiku lamsika.