Khitrovka: bwalo la aganyu pakati pa Moscow

Moto wa mu 1812, nthawi ya nkhondo ya Napoleon, unasiya mbali yaikulu ya mzinda wa Moscow, ku Russia, ili phulusa. Mkulu wina wa asilikali wopuma pa ntchito, Nikolai Khitrovo, yemwe anali mkamwini wa Kutuzov, mtsogoleri wa asilikali a Russia pa nkhondoyo, anagula malo opsa kufupi ndi mtsinje wa Yauza nakonza bwalo mu 1824 kuti pakhale msika wa nyama ndi ndiwo zamasamba. Msikawo sunapite patali. Dzina la Khitrovo lokha ndi limene linakakamira pamalopo, n'kumatchedwa Khitrovka.

Zinthu zinatembenuka mu 1861, mfumu Alexander II itamasula alimi omwe ankakhala ngati akapolo a eni minda. Ufulu anaupeza, koma minda inali yochepa, ngongole yoilipirira ili pakhosi. Ambiri anathamangira mu mzinda, ndipo pambuyo pake akuluakulu a mzindawo anaimika chisakasa pabwalopo kuti ofuna ganyu azidikirira pamenepo. Akalipentala, omanga nyumba, okumba ngalande, onse ankafika mbandakucha, nkhwangwa kapena sowo ili m'manja, kudikira wowalemba. Wosowa ganyu lero ankabweranso mawa, kenako n'kugulitsa chida chake, kenako nsapato.

Chakudya chinali pomwepo. Amayi ankagulitsa mbatatesi, zam'kati mwa ng'ombe ndi makombo a m'malesitilanti ophikidwa pamodzi, ndipo pozizira ankakhalira miphikayo kuti isazizire. Wogula akafika, mayi ankanyamuka pang'ono, kupakula, n'kukhalanso.

Amene ankadyerera pa umphawi wonsewu anali eni nyumba zozungulira bwalolo, monga Kulakov, Rumyantsev, Bunin ndi Yaroshenko. Malo ogona usiku umodzi pa thabwa anali makopeki 5 (timakobidi ta ku Russia), ndipo pansi pa thabwalo ankagonekaponso munthu wina. Mtengo wake ukuoneka wochepa, koma anthu othinana m'chipinda chimodzi ankabweretsa ndalama zimene nyumba ya ulemu sikanatulutsa. N'chifukwa chake madandaulo a anthu oyandikana nawo ankangothera m'malere. Malo omwera mowa a kumeneko anthu ankawatcha mayina a kundende: Katorga (ukaidi wa ntchito yakalavulagaga), Sibir (Siberia, kumene ankatumiza akaidi) ndi Peresylny (ndende ya akaidi a pa ulendo). M'zipinda zina munali atelala osoka usiku wonse, kusandutsa malaya obedwa madzulo kukhala zovala zina zoti mwini wake sangazizindikire pamsika m'mawa. Opemphapempha ankafika pobwereka makanda pa ndalama kuti odutsa awamvere chisoni.

Zambiri mwa izi anazilemba mtolankhani Vladimir Gilyarovsky, munthu wokonda kukometsera nkhani, koma amene ankalowadi m'nyumbazo. Mu 1902 iye anaperekeza Konstantin Stanislavsky ndi anzake a zisudzo kukaona moyowo ndi maso, akukonzekera sewero la Maxim Gorky lonena za ogona m'nyumba zoterezi.

Boma la Soviet linathetsa msikawo m'zaka za m'ma 1920, ndipo m'zaka za m'ma 1930 pabwalopo panamangidwa sukulu. Nkhani inabukanso m'zaka za m'ma 2000 pamene kampani ina inafuna kuimikapo nyumba yaitali ya maofesi. Anthu okhala m'deralo anakana, anasonkhanitsa masiginecha, nati malowo ndi mbiri ya mzinda ngakhale mbiriyo ndi ya nsabwe ndi njala. Sukuluyo inagumulidwa, maofesi sanamangidwe, ndipo mu 2014 pamalopo panatsegulidwa kapaki kokhala ndi mabenchi.