Khonde linapita kuti? Mbiri ya mkangano wa njerwa ku Zomba

Kuchokera mu 2018, pamene boma kudzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga la National Construction Industry Council linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, nkhani ya chomangira nyumba sinazizirepo ku Zomba. Lamulolo silinafike kwa munthu womanga nyumba yake yogona, n'chifukwa chake mauvuni akufukabe m'mphepete mwa tauni. Oteteza chilengedwe amaloza mmene phiri la Zomba ndi nkhalango ya Malosa zayerera, oumba njerwa n'kuyankha kuti thumba la simenti silikugwirika. Koma namondwe Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, ambiri a mbali zonse ziwiri anakumana pa mfundo imodzi, yakuti nyumba ya dothi ndi yachabechabe. Mlandu umenewu anaugamula mofulumira.

Anyanja, Ayao, ndiponso Alomwe amene anabwera pambuyo pake kuchokera ku Mozambique, ankamanga nyumba zomata: nsichi, nsungwi, luzi ndi dothi. Olemba mbiri ambiri amati nyumba ya ngodya zinayi inafala ndi Ayao amene ankachita malonda ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere, ena amapereka ulemuwo kwa amishoni. Kaya yozungulira kaya ya ngodya, denga la udzu linkatuluka kutali n'kutsamira pa mizati, pansi pake pali chiunda chokwera chimene amayi ankazira chaka ndi chaka. Pakhondepo m'pamene ankatongola chimanga, kulandira alendo, ndi kuphikira mvula ikavuta. Ntchito yake yoyamba komabe inali yotchinga khoma kuti lisanyowe.

Azungu oyamba sanatsutsane nazo. Mu 1886 John Buchanan anamangira kazembe wa Britain, a Hawes, nyumba ija lero timati Masongola, imene Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anadzakhalamo Zomba itakhala likulu mu 1891. Inali ya njerwa, inde, koma nyumba zakale za boma zokwera m'phiri zija zili ndi makonde otakasuka ndi madenga aatali. Mabuku amatchula Buchanan. Amene anaponda dothi n'kunyamula zikombole sawatchula.

Zinthu zinayamba kutembenuka ku Domasi. Mu 1929 boma linatsegula kumeneko sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes Training Centre. Aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo n'kukhala m'mudzi wachitsanzo, kuti akabwerera kwawo akaonetse anzawo nyumba ya mazenera, ya chimbudzi, ya khitchini yapayokha. M'zaka za m'ma 1930 mafumu nawo anayamba kuitanidwa ku maphunziro omwewo, ndipo kuyambira mu 1949 dera la Domasi linayesedwanso ntchito ya chitukuko cha m'midzi. Malipoti a ntchitozi analembedwa ndi eni ake oziyendetsa, choncho pamene akudziyamikira tiziwerenga ndi diso limodzi lotsegula. Zenera ndi chimbudzi zinapulumutsa anthu, palibe angakane. Chimene chinatsalira m'mitima, mwina aphunzitsiwo asanafune, n'chakuti nyumba yabwino ndi imene yasiyana ndi ya agogo.

Obwera ku Joni ndi ku Halale anafika ndi ndalama za malata. Kenaka Kamuzu anakhomerera msomali ndi zinthu zake zitatu zija: chakudya chokwanira, zovala zabwino, ndi nyumba yosadontha. Sanalakwe. Udzu umadontha, umafuna kufolera kawirikawiri, ndipo unayamba kusowa minda itadzaza. Koma udzu unali womweta, pamene malata amagulidwa poyeza mafiti. Fiti iliyonse yotuluka kunja kwa khoma ndi ndalama. Bambo amene wagulitsa fodya kapena mpunga wa ku Chilwa amawerenga malata okwanira kuphimba zipinda basi, mmisiri n'kudula denga pafupi ndi khoma. Pansi pa malata onyezimirawo pamakhala zidina zomangidwa ndi matope, zopanda pulasitala, zili pamtetete. Palibe chikalata cholamula kuti khonde lichotsedwe; linatha ndi masamu a m'thumba. Simenti yotetezera khomalo miyala yake inkakumbidwa pompano ku Changalume, koma wa kumudzi inamudutsa patali. Ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo ya mu 2014 inayenda m'mapazi omwewo, ndipo ofesi ya National Statistical Office, imene likulu lake lili mu Zomba momwemu, powerenga nyumba imaika ya dothi ndi udzu m'gulu losiyana ndi nyumba zokhalitsa.

Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019 ndi Freddy anaonetsa zotsatira zake. Mvula ya masiku angapo osakata imamenya khoma m'mbali, madzi ena akukwera kuchokera pansi, mpaka khoma limafewa n'kukhala pansi. Nyumba za njerwa zootcha zomangidwa ndi matope nazo zinagwa. Kumene kunadutsa mtsinje weniweni, kunena zoona, khonde silikanathandiza kanthu. Malangizo a boma a kamangidwe kotetezeka, amene anatuluka chivomerezi cha ku Karonga cha mu 2009 chitachitika, amanena za malo oyenera, maziko okwera ndi denga loteteza khoma, zimene womanga mdindo wakale akanangogwedezera mutu.

Akatswiri ojambula mapulani a nyumba lero akubwerera ku dothi, koma ndi zida zatsopano: mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, opanikizidwa pa makina osaotcha, maziko a miyala oyala pulasitiki pamwamba, lamba wa konkire womanga makoma onse, denga la mbali zinayi losavuta ndi mphepo, siling'i ya nsungwi yochepetsa kutentha, ndi thanki yolandira madzi a padenga. Oumba njerwa ali ndi dandaulo lomveka, pakuti makinawo si a aliyense ndipo ganyu yawo ndiyo imalipira ana sukulu. Vuto lina lili m'tauni, kumene mapoloti ndi opanikizana. Ku Chikanda, kumene ophunzira a ku yunivesite ya Malawi (Chanco) amasaka malo ogona, mwininyumba akaona khonde amaona chipinda china cha lendi.